Tasesa, tawunjika, nde kenako? Mmene ntchito yodzipereka yoyeretsa mtauni imayendera

Chaka chilichonse dzinja likamayandikira, cha mu Okutobala kapena Novembala, magulupu a WhatsApp a m'malokeshoni a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amayamba kudzaza ndi mauthenga oti Loweruka tikumane pa mjigo 6 koloko, aliyense abwere ndi tsache, khasu kapena fosholo, tikachotse zinyalala mu ngalande. Anthu amabweradi, osati onse koma amabwera, amasesa, amafukula matope akuda aja onunkha, amajambulitsa zithunzi, pofika 10 koloko aliyense wabwerera kwawo kukasamba. Pakatha masabata awiri malo aja ali ngati sanakhudzidwepo. Nde anthu ambiri amangomaliza nkhani ndikuti Amalawi ndife auve basi, palibe chomwe chingasinthe. Ine sindigwirizana nazo zimenezo, chifukwa mzimayi yemweyo amene akumunena kuti ndi wauve amadzuka 5 koloko kusesa pakhomo pake mpaka kumseu tsiku lililonse. Vuto lili pa njira yomwe chinyalala chimayenera kuyenda chikachoka pakhomopo, ndipo ndi njira imeneyi yomwe ndikufuna tiyione bwinobwino.

Kuti chinyalala chichoke mtauni pamafunika zinthu zinayi zotsatana: wina achitole, chiwunjikidwe pamalo amodzi, galimoto ichinyamule, kenako chikatayidwe kumtaya kapena chikasandutsidwe chinthu china. Anthu odzipereka, kaya ndi achinyamata a kumpingo, amayi a mphakati, a banki m'khonde, mavenda a mumsika, a kabaza, ana a sukulu a m'makalabu a zachilengedwe omwe bungwe loteteza nyama ndi chilengedwe la WESM lakhala likulimbikitsa kwa zaka zambiri, kaya ogwira ntchito kubanki atavala matisheti ofanana, onsewa mphamvu zawo zimathera pa ziwiri zoyambirira zija. Chachitatu chimafuna lole, dizilo ndi dalaivala, chachinayi chimafuna malo ndi makina, ndipo zimenezi mwalamulo ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda. Ndiye ngati lole sinabwere tsiku lomwelo, mulu uja mwawunjika m'mbali mwa mseu agalu amaumwaza usiku, mbuzi ndi nkhuku zimathandizira masana, anthu odutsa akauona amati ooh apa nde potayira eti, amawonjezerapo zawo, mvula ikagwa zonse zimabwerera mu ngalande momwe munazichotsa. Kunena zoona kusesa kopanda lole nthawi zina kumangotsegula dzala latsopano pamalo pomwe panalibe.

Nanga lole siibwera bwanji? Apa tiyambe ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 990,000 ndipo Blantyre anali ndi 800,000, pano ndi ochuluka kuposa pamenepo. Ambiri mwa anthu amenewa sakhala ku Area 10, Area 43, Namiwawa kapena Sunnyside komwe miseu ndi yotakasuka ndipo geti lililonse lili ndi bini, amakhala ku Mtandire, Mgona, Chinsapo, Kauma, Ndirande, Bangwe, Mbayani, malo omwe anakula popanda pulani, nyumba kumangidwa mogundana, tinjira toti wilibala yokha ndi yomwe ingadutse. Ngakhale khonsolo itakhala ndi malole 100 abwinobwino sangalowe mkati mwa Ndirande. Komanso malole ake ndi ochepa, ena amakhala pa mawe kudikira masipeyala ofuna ndalama zakunja, ndipo dziko likakhala pa vuto la mafuta ngati momwe zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, lole ya zinyalala nayo imakhala pamzere ku filing'i siteshoni ngati wina aliyense. Ndalama zoyendetsera zonsezi zimachokera kwambiri ku msonkho wa nyumba ndi malo, ma city rates aja, ndi ziphaso za mumsika, zomwe anthu ambiri salipira chifukwa akuti sitiona ntchito yake, khonsolo nayo ikuti sitingagwire ntchito chifukwa simulipira, nkhani yake imangozungulira pomwepo.

Zomwe zanyamulidwazo zikafika kumtaya, ku Area 38 ku Lilongwe kapena ku Mzedi ku Blantyre, sikuti zimakakonzedwa mwaukadaulo ayi, zimangokhuthulidwa pamtunda, utsi kumafuka, ntchentche, anthu ena kumatola mabotolo ndi zitsulo zoti akagulitse, ndipo nthawi ya mvula mseu wolowera umavuta moti madalaivala ena amangokhuthula panjira. Anthu okhala pafupi ndi malowa akhala akudandaula kwa nthawi yaitali. Ndiye mukamasesa ku Kawale dziwani kuti vuto lanu mukulisamutsira kwa anzanu ena, pokhapokha mutachepetsa zomwe zikupita kumeneko.

Apa mpomwe pali nkhani yeniyeni, yomwe magulu ambiri odzipereka saiganizira. Mukatenga thumba la zinyalala la pakhomo la banja wamba mtauni nkulikhuthula, zambiri, kuposa theka ndithu, ndi zinthu zowola: makoko a nthochi ndi mbatata, masamba, zitsononkho, zotsala za nsima, misinde ya nzimbe, kuphatikizapo phulusa la mbaula ndi dothi lomwe amasesera limodzi. Zimenezi ndi zolemera, ndi zomwe zimanunkha, ndi zomwe zimadzazitsa lole msanga, koma sizimayenera kukwera lole nkomwe. Zikaunjikidwa bwino mosanjikiza, zouma ndi zaziwisi, kuthira madzi pang'ono, kumatembenuza pakapita masabata angapo, pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimasanduka manyowa, ndipo ndi mmene feteleza wadulira masiku ano manyowa ali ndi msika, a madimba, a maluwa, ogulitsa mbande za mitengo amagula. Pali magulu a amayi m'malokeshoni a ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe amatola zowola m'misika nkumapanga kompositi yogulitsa, ndipo magulu oterewa amakhalitsa kuposa a zithunzi aja pa chifukwa chosavuta, pamapeto pamakhala kandalama. Koma chinsinsi chake ndi kusiyanitsa zinyalala pakhomo pomwepo, matumba awiri, lina la zowola lina la zosawola, chifukwa zikangosakanikirana ndi magalasi osweka ndi majumbo, kuzisankha ndi ntchito yowawa ndipo manyowa ake alimi amawakana.

Mabotolo apulasitiki sakhalitsa pansi chifukwa ali ndi eni ake, a thobwa, ogulitsa mafuta ophikira oyeza, amawatola okha. Zitsulo ndi zitini nazonso anyamata a sikirapu amadutsa nazo. Zomwe zimatsala zopanda mwini ndi ziwiri, majumbo opyapyala aja abuluu ndi matewera a ana otaya, omwe tonse timangoti mapampasi. Aliyense amene analowapo mu ngalande ndi fosholo akuuzani kuti zomwe zimatseka madzi pansi pa kalavati ndi zimenezi, zimakolana ndi mchenga nkupanga chikhoma cholimba. Ophera mbuzi m'misika nawonso amawapeza majumbowa m'mimba mwa ziweto.

Za majumbowa lamulo lilipo kalekale. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60, makampani opanga anathamangira kukhothi kukatenga chiletso, nkhani inakoka mpaka mu Julayi 2019 pomwe khothi la Supreme linagamula kuti lamulolo ndi loyenera. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anali patsogolo pa amabungwe omenyera nkhaniyi, analandira mphoto ya padziko lonse ya omenyera chilengedwe ya Goldman mu 2021 chifukwa cha ntchito imeneyi. Koma ngakhale chigamulo chinatuluka, makampani anapitiriza kubwerera kukhothi ndi ziletso zina kwa zaka zingapo, ndipo bungwe la boma loona zachilengedwe la MEPA lomwe limayenera kukhwimitsa lamuloli manja ake amakhala omangika nthawi zonsezo. Ndikutchula izi chifukwa gulu la anthu 40 likhoza kutola majumbo Loweruka lonse, koma msika umodzi wokha umagawa majumbo ochuluka kuposa amenewo tsiku lisanathe, wa tomato jumbo, wa bonya jumbo, wa chipisi jumbo, ngakhale wagula anyezi mmodzi. Ndiye gulu lomwe likufunadi kusintha zinthu pena ndi bwino litaye theka la nthawi yake kukambirana ndi komiti ya msika ndi khansala kusiyana nkutola kokhakokha.

Boma nalo linayesapo kuti ntchitoyi ikhale ya dziko lonse. Mu Novembala 2020 a Lazarus Chakwera ali pulezidenti anakhazikitsa tsiku losesa ku Chinsapo mu Lilongwe, kuti Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse masana anthu azisiya zina nkuyeretsa malo awo. Miyezi yoyambirira zinagwira moto, nduna, mameya, asilikali, apolisi, onse ndi matsache, kenako zinayamba kuzirala pang'onopang'ono mpaka anthu ambiri anayiwala kuti Lachisanu lake ndi liti. Mayi Gertrude Mutharika analinso ndi Beautify Malawi m'mbuyomo, ku Zambia a Levy Mwanawasa anayambitsa Keep Zambia Clean mu 2007 ndipo a Edgar Lungu anadzaitsitsimutsa mu 2018, ku Zimbabwe kuli Lachisanu loyamba la mwezi kuyambira kumapeto kwa 2018. Ambiri amayang'ana ku Rwanda komwe Umuganda, ntchito yomwe anthu a m'dera amagwirira limodzi kuphatikizapo kusesa, umachitika Loweruka lomaliza la mwezi m'mawa, ndipo Kigali ndi woyeradi. Koma anthu akamatamanda Kigali amadumpha mfundo ziwiri. Yoyamba, Umuganda si wodzipereka kwenikweni, lamulo limakakamiza aliyense wazaka 18 mpaka 65, mashopu amatseka, magalimoto amaima, wojomba akhoza kulipitsidwa. Yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, Kigali samayera chifukwa cha Loweruka limodzi pamwezi, kuli anthu olembedwa ntchito osesa miseu tsiku ndi tsiku, makampani onyamula zinyalala khomo ndi khomo omwe mabanja amalipira, ndipo majumbo analetsedwa mu 2008 nkuletsedwadi. Ife tinatengako tsikulo, zinazo tinazisiya komweko.

Nanga bwanji osangokakamiza ngati ku Rwanda? Kuno nkhani yokakamiza anthu ntchito yaulere ili ndi mbiri yake yowawa. Agogo athu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anaona thangata m'maesiteti a azungu, imodzi mwa nkhani zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915. Nthawi ya a Kamuzu kunali sabata ya achinyamata, Youth Week, ana a sukulu ndi akulu omwe kulambula miseu, kuumba njerwa, kumanga milatho, ntchito inkaonekadi koma kumbuyo kunali a Payoniya ndi a Youth League, sunkafunsidwa ngati ukufuna. Matipate atabwera mu 1994 anthu anaitaya ntchito yotereyi limodzi ndi makadi a chipani, ndipo zaka zotsatira kunabwera mabungwe ndi mapulojekiti olipira anthu akagwira ntchito yachitukuko, mpaka pano ukaitana anthu kuti tikasese funso loyamba limakhala lakuti pali kangachepe? Ena amanyoza funso limeneli koma taganizani munthu wa kabaza kapena mayi wogulitsa mandasi amene chakudya cha lero chimachokera mu ndalama ya lero, kumuuza kuti ataye m'mawa wonse wa Loweruka ndiye kuti mwamulanda ndiwo za tsikulo, pomwe bwana wa kuofesi amene wabwera ndi magolovesi atsopano malipiro ake sakhudzidwa.

Chikhalirecho Amalawi omwewa amagwira ntchito yaulere yolemetsa kwambiri popanda kufunsa alawansi. Pamaliro adzukulu amakumba manda usiku, amayi amaphika, kutunga madzi, kugona pasiwa masiku awiri, mtauni momwemuno. Zimatheka chifukwa aliyense amadziwa kuti tsiku lina zidzamugwera, amfumu kapena a block leader ali ndi kaundula wa amene amabwera ndi amene sabwera, ndipo ntchitoyo ili ndi poyambira ndi pothera. Magulu osesa omwe amayenda bwino amakhala ndi zinthu zomwezi: dera laling'ono loti anthu amadziwana nkhope, ngati mzere umodzi wa nyumba kapena chigawo chimodzi cha msika, osati "mzinda wonse", mtsogoleri amene anthu amamumvera kale, ndi phindu loti aliyense akuliona ndi maso, monga kuti chaka chino madzi sanalowe m'nyumba.

Za phindu lakelo tisanamizanepo. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndikupha oposa 1,700, Lilongwe ndi Blantyre anakhudzidwa kwambiri moti sukulu m'mizinda iwiriyi zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, ndipo kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwira ku Mgona mwezi wotsatira. Nthawi imeneyo kusesa kunachuluka paliponse. Koma kolera samabwera chifukwa cha pepala la bisiketi lomwe lili pamseu, amabwera chimbudzi cha munthu chikakumana ndi madzi akumwa kapena chakudya. Pomwe zinyalala zimalowerera ndi apa: ngalande ikatsekeka madzi amasefukira, amalowa m'zimbudzi zokumba, nkutuluka ndi zonse kupita m'zitsime zosaya zomwe anthu amatunga madzi a m'mipope akasiya. Onjezani mapampasi aja. Ndiye ola limodzi lofukula kalavati pafupi ndi chitsime ndi lamphamvu kuposa maola atatu osesa pa raundabauti ya mtauni pomwe makamera ali. Chimodzimodzi malungo, udzudzu womwe umaswana m'madzi akuda onunkha a mu ngalande kwambiri umakhala uja wongosowetsa tulo, wa malungo umakonda zithaphwi za madzi oyererako zowombedwa ndi dzuwa, monga maenje oumbira njerwa ndi mikwasa ya matayala, ndiye kukwirira maenje amenewa nakonso ndi ntchito, ngakhale sikuoneka bwino pachithunzi.

Madzi osefukira nawo tisawaike onse pa zinyalala. Ku Mtandire ndi madera a m'mbali mwa Lingadzi mu 2017 madzi anawononga nyumba, ndipo pamenepo panali zambiri, kumanga m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kukumba mchenga, kudula mitengo kumtunda. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, palibe tsache lomwe likanaletsa zimenezo. Apa mpomwe pamabwera mtundu wina wa ntchito yodzipereka, kudzala mitengo, nyengo yake imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo chaka chilichonse. Vuto lake ndi lomwe lija la lole koma mwa njira ina, kudzala ndi tsiku limodzi, kusamala ndi zaka zitatu. Mbande imafuna kupaliridwa, kutetezedwa ku mbuzi, kulambulira moto usanafike mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo ikakula pang'ono wina amaifuna ya nkhuni chifukwa magetsi ndi gasi sangakwanitse. Phiri la Ndirande ladzalidwapo mitengo kambirimbiri koma liyang'aneni lero. Gulu likamanena kuti tadzala mitengo masauzande akuti, funso labwino ndi lakuti ya chaka chatha yatsala ingati, ndipo ndani amapita kukaiona mu Okutobala.

Pali chinthu chimodzi chomwe magulu ambiri amachita lole ikapanda kubwera, kuyatsa mulu uja. Zimaoneka ngati zathandiza chifukwa mulu watha, koma pulasitiki akamanyeka pamoto wozilala chonchi amatulutsa utsi wapoizoni womwe umalowa m'nyumba zoyandikana, ana ndi odwala mphumu ndi omwe amavutika, ndipo zowola zonyowa zija sizipsa nkomwe zimangofuka masiku awiri. Komanso chitetezo cha osesawo, mu ngalande mumakhala magalasi, malata adzimbiri, majakisoni otayidwa, nyansi, ndiye kulowamo ndi masilipasi ndi manja osavala kanthu ndi kuitana kafumbata ndi matenda otsegula m'mimba. Magambuti ndi magolovesi olimba mapeyala ochepa oti azisinthana olowa m'matope okhawo, sopo ndi ndowa ya madzi pothera, ndi zofunika kuposa matisheti, ndipo ana ang'onoang'ono asalowe mu ngalande ngakhale atakakamira bwanji. Alangizi a zaumoyo a m'deralo mukawauza nthawi ilipo amatha kubwera, pena ndi klorini yemwe.

Ku Estonia mu 2008 anthu 50,000 anayeretsa dziko lawo lonse tsiku limodzi, kumene kunachokera tsiku losesa la dziko lonse lapansi lomwe limachitika mu Seputembala. Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri nchakuti asanatuluke anatha miyezi akulemba pa mapu malo onse otayirapo zinyalala ndikukonzeratu magalimoto onyamula. Pa mlingo wa lokeshoni ndi zomwezo, kuyenda kaye nkuona kuti madzi amatsekeka pati ndipo zinyalala zake zimachokera kwa ndani, kupita kwa khansala ndi ku ofesi ya zaukhondo ku khonsolo kukagwirizana tsiku lomwe skip, chibini chachikulu chachitsulo chija, kapena lole ipezeke, ngati akuti mafuta palibe kusonkherana kapena kupempha wamabizinesi wa m'deralo amene ali ndi thilakitala kapena lole ya mchenga, ndipo ngati zonsezi zakanika kuli bwino kusintha tsiku kusiyana nkuwunjika mulu wopanda wonyamula. Andale akafuna kuthandiza landirani mawilibala koma makaka a chipani asabwere, chifukwa akangoonekera theka la anthu a m'dera limabwerera pa geti.

Pakati pa kusesa kwa mwezi uno ndi kwa mwezi wamawa pamafunikanso wina wogwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo ameneyo sangakhale wodzipereka mpaka kalekale. M'madera ambiri muli kale anyamata oyenda ndi wilibala kapena njinga khomo ndi khomo kunyamula zinyalala pa kandalama kochepa, ndipo ndi okhawo amene amafika komwe lole singafike. Kungoti ngati palibe skip pafupi, mnyamata uja sangakankhe wilibala mpaka ku Mzedi, amadikira kude nkukakhuthula mu Mudi kapena mu Nasolo, ku Lilongwe mu Lingadzi kapena mu mtsinje wa Lilongwe pansi pa mlatho, inu mwalipira mukuganiza kuti mwachita zaukhondo, mwezi wamawa mukukazitolanso nokha kumtsinje. Gulu lanzeru limawatenga anyamata amenewa kukhala mbali ya dongosolo, kuwadziwa mayina, kugwirizana nawo potayira pamodzi, kuwalola kuti mabotolo ndi zitsulo zikhale zawo.

Ndipo pali a malandilodi, omwe pa tsiku losesa saoneka chifukwa ambiri sakhala komweko. Puloti imodzi nyumba 10, mabanja 10, chimbudzi chimodzi, malo omwe akanakhala dzala anamangapo kachipinda kena ka lendi. Wobwereka nyumba amene mwina Disembala asamuka alibe pokumba dzala, alibe poika kompositi, ndipo sangaike mtima pa ngalande ya eni ake, ndiye thumba la mapampasi amalinyamula m'bandakucha kukaliponya kuseri kwa mpanda wa sukulu. M'madera momwe a block leader anakhala pansi ndi eni mapuloti nkugwirizana kuti puloti iliyonse ikhale ndi potayira ndipo ndalama ya wonyamula zinyalala izilowa mu lendi momwemo ngati ya madzi, osesa a Loweruka amapeza ntchito yochepa moti pofika 8 koloko amakhala amaliza.